Bomba lomwe "lidabweza agogo kumudzi": yankho kwa mlimi wa ku Bembeke

Mlimi wina wa mbatatesi wa ku Bembeke m'boma la Dedza wafunsa kuti: "Malemu agogo anga aamuna adali msilikali wa Keyala ndipo adakamenya nkhondo ku Burma. Ankakonda kunena kuti chikhala kuti America sidaponye bomba lija ku Japan, iwo sakadabwerera kumudzi amoyo. Masiku ano pa wailesi tikumva atsogoleri a mayiko akuluakulu akuopsezana ndi zida za nyukiliya. Kodi chidachititsa n'chiyani kuti bombalo liponyedwe? Lidachita zotani kwenikweni? Nanga litaponyedwanso lero, ife kuno lingatipeze?"

Bambo, agogo anuwo sankanama. Anyamata ambiri a kuno, dziko lino likadali Nyasaland, adalembedwa usilikali wa King's African Rifles, womwe makolo athu ankangoutchula kuti Keyala. Mu 1944 ena mwa iwo adali m'gulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa lomwe lidapirikitsa Ajapani m'chigwa cha Kabaw ku Burma, mvula ikukhuthuka, matope olekeza m'mawondo, malungo akugwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Munthu woti waona zimenezo, kenako n'kumva kuti nkhondo yatha patangodutsa masiku owerengeka bomba litaphulika, mungamuuze chiyani? Kwa iye bombalo lidali mpulumutsi. Komatu msilikali amaonera nkhondo ali m'ngalande. Zomwe zinkakambidwa m'zipinda za ku Washington, Moscow ndi Tokyo sizinkamufika.

Bombali lidabadwa ndi mantha, ndipo woopedwayo sadali Mjapani, adali Hitler, wolamulira Germany. Mu Disembala 1938 akatswiri awiri a ku Berlin, Otto Hahn ndi Fritz Strassmann, adapeza kuti atomu ya yureniyamu, kanthu kochepetsetsa kosaoneka ndi maso, imatha kusweka pakati. Ikasweka imatulutsa mphamvu, komanso imalavula tizidutswa tiwiri kapena titatu timene timakaswa maatomu oyandikana nayo, iwonso n'kuswa anzawo. Ana asukulu ndimawauza kuti aganize za moto wolusa wa mu Okutobala, udzu utauma gwa: phesi limodzi liyatsa awiri, awiriwo ayatsa anayi, mpaka phiri lonse lili lawilawi. Kungoti moto wa m'tchire umatha tsiku lathunthu uli m'phirimo, pamene uwu umamaliza zonse munthu asadaphethire.

Ambiri mwa amene adazindikira msanga kuopsa kwa zimenezi adali akatswiri achiyuda othawa ulamuliro wa Hitler. Mmodzi wa iwo, Leo Szilard, adakopa Albert Einstein kuti asayine kalata yopita kwa Pulezidenti wa America Franklin Roosevelt mu Ogasiti 1939, yochenjeza kuti Germany ikhoza kuyamba ndiyo kupanga chida choterechi. Mu 1942 ntchito ya chinsinsi yotchedwa Manhattan Project idayamba mwamphamvu, mkulu wa asilikali Leslie Groves akuyang'anira zonse, Robert Oppenheimer akutsogolera asayansi ku Los Alamos. Idalemba anthu oposa 100,000, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe chomwe ankapanga, ndipo idadya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni a nthawi imeneyo.

Pali kanthu kamene mabuku ambiri a sukulu amakalumpha. Mwala wochuluka wa yureniyamu umene udagwira ntchitoyi udakumbidwa kuno ku Africa, pamgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo lomwe nthawiyo lidali m'manja mwa Belgium. Kuchoka ku Dedza, kumeneko n'kufupi kuposa ku Johannesburg. Adaukumba ndi anthu akuda anzathu, opanda chowateteza chenicheni ndiponso osauzidwa komwe mwalawo unkapita. Poti ndatchula migodi, ena amada nkhawa ndi Kayelekera ku Karonga, komwe adayamba kukumba yureniyamu mu 2009. Mwala wongokumba si bomba. Pa maatomu 1,000 a yureniyamu wachilengedwe, 7 okha ndiwo amtundu wosweka mosavuta, ndipo wofuna bomba ayenera kusefa mpaka pafupifupi 900 akhale amtundu umenewo. Kusefako kumafuna mafakitale aakulu ndi magetsi ankhaninkhani, ndipo mikangano yomwe mumamva yokhudza Iran yagona pomwepo.

Tsono taonani chomwe chidachitika. Germany idagonja mu Meyi 1945 bomba lisadathe kupangidwa, ndipo zidadziwika kuti Ajeremani adali kutali kwambiri ndi kupanga lawo. Chifukwa chomwe ntchito idayambira chidafera pomwepo, koma ntchitoyo sidaime. Pa 16 Julayi 1945 adaliyesa m'chipululu cha New Mexico, n'kuphulika monga ankayembekezera. Roosevelt adali atamwalira mu Epulo, ndipo Harry Truman, amene adalowa m'malo mwake, adauzidwa tsatanetsatane wa chinsinsichi atakhala kale pampando.

Chifukwa chimene boma la America lidapereka ndi chomwecho cha agogo anu: kuthetsa nkhondo msanga n'kupulumutsa miyoyo ya asilikali. Sichinali chongopeka. Pachilumba cha Okinawa, kuyambira Epulo mpaka Juni 1945, asilikali a America oposa 12,000 adaphedwa, a Japan pafupifupi 100,000, osawerengera anthu wamba ochuluka zedi. Akuluakulu ankakonzekera kulowa m'dziko la Japan lenilenilo mu Novembala, ndipo ankaona kuti kukakhala Okinawa wina wowirikiza kangapo.

Koma sichidali chokhacho. Joseph Stalin adalonjeza pamsonkhano wake ndi atsogoleri a America ndi Britain ku Yalta kuti dziko lake la Soviet Union lilowa nkhondo yolimbana ndi Japan pakatha miyezi itatu Germany itagonja, kutanthauza kumayambiriro kwa Ogasiti. Pofika nthawiyo America idali itayamba kale kumuyang'ana ndi diso lofiira Stalin chifukwa cha momwe ankadzigawira mayiko a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo ena mwa alangizi a Truman ankafuna nkhondo ithe iye asadatenge gawo lalikulu ku Asia, komanso aone ndi maso chida chimene America idali nacho. Onjezani nkhani ya ndalama: ukawononga madola 2 biliyoni mobisa, tsiku lina aphungu adzakufunsa kuti zidagula chiyani.

Chifukwa chimene ine ndimachiona cholemera kuposa zonsezi ndi chakuti mitima idali itauma kale. Usiku wa pa 9 kulowa 10 Malichi 1945, miyezi isanu bomba lisadagwere mzinda wa Hiroshima, ndege za America zidatentha mzinda wa Tokyo ndi mabomba wamba oyatsa moto, n'kupha anthu pafupifupi 100,000 usiku umodzi. Mizinda ya ku Japan yoposa 60 idatenthedwa motero. Ajapani nawo adali atachita nkhanza zosaneneka ku Nanjing m'dziko la China mu 1937 ndi m'mayiko ena omwe adalanda, ndipo Aamerika adali asadaiwale Pearl Harbor, doko lawo la sitima zankhondo lomwe Ajapani adaliphulitsa modzidzimutsa mu 1941. Kupha anthu wamba mumzinda kudali kutasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku. Choncho bomba latsopanoli litafika, mafunso aakulu m'misonkhano adali akuti liponyedwe pati ndipo liti. Mizinda ingapo, kuphatikizapo Hiroshima, idasungidwa dala osaiphulitsa, kuti mphamvu ya bombalo idzayezeke bwino pamalo osawonongeka. Asayansi ena adapempha kuti ayambe aliphulitsa pamalo opanda anthu Ajapani akuonerera, ndipo Szilard yemwe uja adasonkhanitsa anzake 70 kusayina pempho kwa Truman. Sizidaphule kanthu.

Pa 6 Ogasiti 1945 lidali Lolemba, kunja kutayera bwino. Chenjezo la ndege za adani lidali litachotsedwa m'mawa womwewo, anthu atatuluka kupita kuntchito. Ana asukulu masauzande angapo, amsinkhu wa Fomu 1 ndi Fomu 2, adali panja pakati pa mzinda kuthandiza kugwetsa nyumba kuti pakhale mipata yotchinga moto. Nthawi ili 8:15 ndege yotchedwa Enola Gay idasiya bomba limodzi pamzinda wa Hiroshima, lomwe lidaphulikira m'mwamba pamtunda wa mamita pafupifupi 600. Mudali yureniyamu wolemera makilogalamu 64, kuposa pang'ono thumba limodzi la chimanga, ndipo amene adaswekadi sadakwane n'kilogalamu imodzi yomwe. Mphamvu yake idafanana ndi matani 15,000 a mabomba wamba. Mathiraki aja a matani 30 amene amandandalika pachipata cha Dedza pochokera ku Mozambique, muwerenge 500 odzaza, onse aphulike kamodzi.

Choyamba kudali kuwala ndi kutentha. Pansi penipeni kutentha kudafika madigiri 3,000 mpaka 4,000, pamene chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Pamasitepe a mwala a banki ina padatsala chithunzithunzi chakuda cha munthu amene adakhala pansi kudikira kuti atsegule. Mwala wonse womuzungulira udayera ndi kutentha kupatula pomwe thupi lake lidatchinga. Kenako kudabwera chimphepo chogwetsa nyumba, n'kutsatira moto womwe udanyeketsa pafupifupi chilichonse makilomita awiri mbali zonse. Opulumuka amafotokoza za anthu oyenda mwakachetechete atatambasula manja kutsogolo, khungu likulendewera ngati sanza, akupempha madzi. Ambiri adathamangira kumitsinje n'kufera momwemo. Ndipo wowathandiza padalibe: mwa madokotala pafupifupi 300 a mumzindamo, 270 adafa kapena kuvulala, anamwino chimodzimodzi. Mfundo imeneyi ndi imene bungwe la Red Cross limabwereza mpaka lero, kuti palibe dziko, ngakhale lolemera chotani, lomwe lingathe kusamalira ovulala a bomba limodzi lokha loterolo.

Patapita masiku atatu, pa 9 Ogasiti, bomba lachiwiri, la pulutoniyamu (chinthu china chosweka ngati yureniyamu), lidagwera mzinda wa Nagasaki. Silinkapita kumeneko. Linkapita kumzinda wa Kokura, koma kumeneko kudali mitambo ndi utsi, oyendetsa ndege osaona pansi, ndiye adakhotera ku Nagasaki. Lidaphulikira kudera la Urakami, komwe kudali Akatolika ambiri ndi tchalitchi chawo chachikulu. Pofika kumapeto kwa 1945, anthu pafupifupi 140,000 adali atafa ku Hiroshima ndi ena pafupifupi 70,000 ku Nagasaki. Kuphatikiza pamodzi, n'pafupifupi anthu onse a mumzinda wa Mzuzu monga adawerengedwera mu 2018. Masauzande mwa akufawo adali Akoreya amene adatengedwa kwawo kukagwira ntchito ku Japan.

Chomwe chimasiyanitsa bombali ndi moto wa ku Tokyo ndi cheza chake chosaoneka, cha mtundu womwe uja wa makina a X-ray kuchipatala koma chochuluka mopanda muyezo. Chimalowa m'thupi n'kuwononga mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Anthu amene adatuluka opanda bala lililonse adayamba kusanza, kutsekula m'mimba, tsitsi kuthothoka, nkhama kuchucha magazi, madontho ofiirira kutuluka pakhungu, n'kufa patatha milungu iwiri kapena inayi. Ku Hiroshima kudagwanso mvula yakuda, yonanda, yodzaza fumbi la poizoni, ndipo anthu aludzu adaimwa. Patadutsa zaka ziwiri kapena zitatu khansa ya m'magazi idayamba kuchuluka, makamaka mwa ana. Khansa zina zidadza mochedwa, zina patatha zaka makumi angapo. Ana ena amene adali m'mimba tsikulo adabadwa ndi mitu yaing'ono ndi ubongo wosakhwima. Opulumukawo, omwe kwawo amatchedwa hibakusha, adasalidwa monga momwe tinkasalira odwala Edzi kuno m'zaka za m'ma 1990: ntchito kuwamana, mabanja kukana kuti ana awo akwatirane nawo. Chikhalirecho kafukufuku wa zaka zambiri sadapeze umboni woonekeratu wakuti ana amene amayi awo adatenga pathupi pambuyo pa bombalo adabadwa ndi zilema zochuluka kuposa ana ena. Kusalako kudapweteka anthu pachabe.

Nanga bombalo ndilo lidathetsa nkhondo? Akatswiri a mbiri yakale amakanganabe. Tsiku lomwelo la Nagasaki, m'bandakucha, asilikali a Soviet Union adalowa ku Manchuria, dera la China lomwe lidali m'manja mwa Japan, n'kuphwanya chiyembekezo chomwe atsogoleri a Japan adali nacho chakuti Stalin awakhalira pakati. Ngakhale zonsezi zitachitika, akuluakulu asanu ndi mmodzi olamula nkhondo adagawanika atatu uku atatu uku, mpaka Mfumu Hirohito adachita kulowererapo yekha, n'kulengeza kugonja pa wailesi pa 15 Ogasiti. Ine ndimaona kuti nkhonya ziwirizi zidagwira ntchito pamodzi, ndipo wonena motsimikiza kuti imodzi ikadakwana payokha akunena zomwe sangathe kutsimikiza. Chondivutitsa maganizo n'chakuti chinthu chachikulu chomwe Ajapani ankakakamira chidali choti mfumu yawo isachotsedwe, ndipo pamapeto pake America idaisiya pampando. Ngakhale William Leahy, mkulu wa asilikali amene adali mlangizi wa Truman, adadzalemba kuti bombalo silidali lofunikira.

Walira mvula walira matope. America idakhala yokha ndi chidachi zaka zinayi basi. Soviet Union idaphulitsa lake mu 1949, Britain mu 1952, France mu 1960, China mu 1964, kenako India, Pakistan ndi North Korea. Israel sivomera kapena kukana, koma onse amadziwa. La France lija adakaliyesera kuno ku Africa, ku Reggane m'chipululu cha Algeria. Lero mayiko asanu ndi anayi ali ndi mabomba pafupifupi 12,000, ochuluka kwambiri ali m'manja mwa America ndi Russia, ndipo ambiri ndi amphamvu kuwirikiza kasanu, kakhumi, ena kopitirira 30 poyerekeza ndi la Hiroshima. South Africa yokha ndiyo idapanga mabomba ake, asanu ndi limodzi, n'kuwaphwasula yokha ulamuliro wa tsankho ukupita kumapeto. Eni mabombawa amati ndiwo asunga mtendere, poti aliyense amaopa kuyamba podziwa kuti naye apsa. Mfundoyo siyopanda nzeru, ndipo mayiko ang'onoang'ono amaona: Ukraine idapereka zida zomwe idatsala nazo Soviet Union itagawanika, italonjezedwa chitetezo mu 1994, ndipo mukudziwa zomwe zaichitikira.

Tsopano za ife. Moto ndi chimphepo sizingafike ku Bembeke. Palibe amene walozetsa mzinga wake kuphiri la Dedza. Fumbi la poizoni nalo, nkhondo itachitikira kumpoto kwa dziko lapansi, lingafike kuno litachepa mphamvu kwambiri. Ife lingatipezere kumsika ndi kumunda. Za kumsika mudazilawa kale mu 2022: nkhondo ya ku Ukraine, yopanda nyukiliya n'komwe, idakweza mtengo wa feteleza, mafuta ndi ufa wa tirigu mpaka pa Lizulu ndi Tsangano. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala ambiri a m'zipatala zathu zimachokera kunja kudzera pamadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mayiko opanga zinthuzi ndiponso otithandiza atapsa, sitima sizingabwere.

Za kumunda ndiye zoopsa kwambiri, ndipo inu a ku Dedza mungazimvetse kuposa anthu a kuchigwa. Mukudziwa zomwe chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimachita kudimba, kudzuka m'mawa n'kupeza masamba a mbatatesi ndi tomato atawauka ngati wina wawathira madzi otentha. Mizinda yambiri ikapsa nthawi imodzi, mwaye wake umakwera kupitirira mitambo, komwe kulibe mvula yoti iutsuke. Umayala dziko lonse n'kukhala komweko zaka zingapo, ukutchinga dzuwa. Kukazizira, madzi okwera kuchoka m'nyanja amachepa, mvula nayo n'kuchepa. Chilengedwe chidationetsapo kale kachitsanzo: phiri la Tambora ku Indonesia litaphulika mu 1815, chaka chotsatira mbewu zidakanika ku Ulaya ndi ku America, chipale chikugwa m'nyengo yotentha. Mu 2022 akatswiri otsogozedwa ndi a ku yunivesite ya Rutgers adawerengera pakompyuta kuti nkhondo yaikulu ya nyukiliya ya India ndi Pakistan okha ikhoza kupha ndi njala anthu ofika 2 biliyoni, pamene ya America ndi Russia ikhoza kupitirira 5 biliyoni. Ndi zowerengera, ndipo akatswiri ena amati utsiwo ungachepereko. Koma dziko lodalira chimanga cha mvula ya nyengo imodzi, lomwe limagwada mvula ikangodula milungu itatu mu Januwale, silifuna kuti ziwerengerozo zikwane ndendende kuti lione zakuda.

Boma lathu lidachitako mbali yake papepala. Malawi ali m'pangano la Pelindaba loletsa zida za nyukiliya mu Africa, ndipo mu 2022 adavomereza pangano la United Nations loletseratu zidazi, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021. Mwa mayiko asanu ndi anayi aja palibe ndi limodzi lomwe lasayina.

Mukandifunsa chomwe chimandisowetsa tulo, si mtsogoleri wolusa pa wailesi ayi, poti ambiri oopseza amadziwa malire. Ndimaopa kulakwitsa. Mizinga ya masiku ano imaoloka kuchoka ku Russia kufika ku America m'mphindi pafupifupi 30, choncho wolandira chenjezo amakhala ndi mphindi zochepa zoti aganize. Pa 26 Seputembala 1983, pakati pausiku, msilikali wa Soviet Union dzina lake Stanislav Petrov adali pantchito pamalo olondera mlengalenga kufupi ndi Moscow. Mayiko awiriwa adali pachidani choopsa, patangotha milungu itatu Asovieti atagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea. Mwadzidzidzi makina adalira kuti America yaponya mzinga, kenako wina, mpaka isanu. Petrov adaganiza kuti wofuna kuyamba nkhondo yotere sangatumize mizinga isanu yokha, ndipo adauza akuluakulu ake kuti makina anama, iye mwini asali wotsimikiza. Zidadzadziwika kuti kudali kuwala kwa dzuwa pamitambo ya m'mwamba komwe kudasokoneza makinawo. Usiku umenewo kwanu ku Bembeke anthu adagona atatopa ndi kusosa, osadziwa kanthu. Petrov adadzudzulidwa chifukwa chosalemba bwino m'buku la pantchito zomwe zidachitika usikuwo, ndipo adamwalira mu 2017 m'katauni kena kunja kwa Moscow.